Zomba: Likulu la Anthu Opanda Voti

Achinyamata anzathu, tikamadutsa pa nyumba zakale za boma m'tsinde mwa phiri la Zomba, tizikumbukira kuti makolo athu ankakhoma msonkho koma osaloledwa kusankha owalamulira.

Zomba idakhala likulu m'chaka cha 1891, nthawi ya Harry Johnston. Khonsolo ya tauniyi idali m'manja mwa azungu. Nyumba ya Malamulo, yomwe idakhazikitsidwa mu 1907, idalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe, ndipo mamembala ake sankavoteredwa. Wolankhulira eni nthaka ankakhala mmishonale, monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre.

Padapita zaka 42 kuti akuda oyamba alowemo, mu 1949, nawonso ochita kulozedwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 mudalowa asanu osankhidwa ndi makhonsolo a zigawo, kuphatikizapo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume. Ngakhale pa chisankho chachikulu cha mu Ogasiti 1961, ambiri adatsala kunja chifukwa cha malire a maphunziro ndi chuma.

Choncho chisankho cha makhansala tisamachipeputse. Voti imene agogo athu adamanidwa, ife tikaitaya tokha, tidzalirira yani msewu ukakumbika, madzi akauma pampopi?