Chiweta ndi Chuma Chongodutsa: Mbiri ya Thumba la Ndalama m'Dera Lathu

Monga mwa chizolowezi tipatula masamba owerengeka a Lipoti ili kuti tikumbutsane mbiri ya dera limodzi la m'boma lathu la Rumphi. Chaka chino maere agwera Chiweta. Ambiri a inu mupadziwa pamalopo chifukwa cha msewu waukulu wochokera ku Mzuzu, pamene galimoto itatha kukhotakhota m'phiri itsikira kunyanja, mitima ya apaulendo nikhala pansi. Ena mukumbukira akasupe a madzi otentha, ena malole a malasha. Koma chimene tifuna kulondola ndi ichi: pa ntchito zonse zazikulu zimene zinachitika m'dera limeneli, ndi ziti zimene zinalamulidwa ndi eni dziko, ndi ndalama zosungidwa ndi iwo eni?

Tiyambe ndi Mishoni. Mu 1894 Dr. Robert Laws anachoka ku Bandawe nakakhazika Livingstonia watsopano pa Khondowe, pamwamba pa mapiri oyang'ana kunyanja. Katundu anali kudza pa sitima natsikira pa doko la Florence Bay, limene ife tilitcha Chitimba, kumpoto kwa Chiweta, ndipo amtengatenga anali kumsenza pamutu kukwera naye phiri, kufikira pamene anasema msewu wa Gorodi ndi ngodya zake 20. Pofika 1905 magetsi anali kuyaka ku Khondowe. Makolo athu ambiri a kunyanja ndi a ku Phoka anagwira sheleni yawo yoyamba pa ntchito zimenezi, naphunzira kupala matabwa, kuwaka ndi kusindikiza mabuku. Sitichepetsa zimenezi ai. Komabe ndalama zake zinali kuchokera ku Scotland, ndipo maganizo ake anali m'mutu mwa Mzungu mmodzi. Boma la ku Zomba linali kudziwika makamaka ndi msonkho wa nyumba. Ndipo popeza kunalibe msika wogulitsako mbewu, amuna anali kukaufuna msonkhowo ku Halale, ku Joni, ndi m'zaka za 1930 ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika. Ambiri sanabwerere, ndiwo aja tiwatcha machona.

Ophunzira a pa Khondowe ndiwo anayamba kufunsa za ichi. Mu 1912 anapanga North Nyasa Native Association, bungwe loyamba la mtundu wake m'Nyasaland, ndipo mlembi wake anali Levi Mumba, yemwe mu 1944 anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress. Anthu amenewa anali kukhala pansi, kulemba mfundo zawo mwaulemu, ndi kuzitumiza kwa Bwanamkubwa: za maphunziro, za msonkho, za mavuto a anthu opita kunja. Analibe thumba, analibe mphamvu. Chida chawo chinali kalata basi. Ife a mabungwe a masiku ano tili adzukulu awo, ndipo nthawi zina tifanana nawo koposa m'mene tikadafunira.

Mu 1933 Boma linaika malamulo opatsa mafumu aakulu udindo wa Native Authority pamodzi ndi mabwalo a milandu, ndipo pambuyo pake mafumuwo anakhala ndi matumba awo a ndalama. M'matumbamo munali kulowa kagawo kochepa ka msonkho, malipo a milandu ndi ndalama za ziphaso. Akalipira fumu, mlembi wa bwalo ndi amesenjala, zotsala sizinali zokwanira kumanga mlatho wokhalitsa pa mtsinje uliwonse wotsika m'mapiri athu. Kunena zoona, mafumu anapatsidwa khasu lopanda mpini. Njira yeniyeni ya anthu a kunyanja inakhalabe sitima, ndipo akuluakulu sanaiwale tsiku la 30 July 1946 pamene Vipya inamira kufupi ndi Florence Bay, nimwalira anthu 145.

Lamulo la makhonsolo a m'maboma linadza mu 1953. Poyamba Bwana D.C. ndiye anali pampando, koma poyandikira ufulu makhansala anayamba kusankhidwa ndi anthu, ndipo makhonsolo anali kuyang'anira sukulu za pulaimale, misewu ya m'midzi ndi misika. M'kuona kwathu, zaka zowerengeka zimenezo ndizo zimene boma laling'ono linayandikira kukhala la anthu. Sizinakhalitse. Dziko litalowa mu ulamuliro wa chipani chimodzi mu 1966, ntchito ya chitukuko inali m'manja mwa makomiti a chitukuko otsogozedwa ndi D.C., amene anali kumvera kulikulu. Makhonsolo anatsala ndi dzina ndi ngongole. Ngakhale khofi wa ku Phoka, amene alimi anali atayamba kugulitsa kudzera m'makopaletivi awo, anaikidwa pansi pa bungwe la Boma la Smallholder Coffee Authority, ndipo sanabwerere m'manja mwa alimi kufikira 1999.

Tsono tifike pa malasha, pakuti apa ndi pamene nkhani yathu ioneka poyera. Kuti pansi pa phiri la Chombe pali malasha, Azungu anadziwa kale chisanafike chaka cha 1900; koma kwa zaka zambirimbiri palibe anaona chifukwa chowakumbira, popeza mafakitale a kummwera anali kugula malasha a ku Moatize, m'dziko la Mozambique, amene anali pafupi ndi osavuta kunyamula. Chimene chinatsegula migodi yathu si pempho la anthu a Chiweta kapena mfundo ya khonsolo ya Rumphi, inali nkhondo. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka zoyamba za 1980, Boma linatembenukira kumpoto mofulumira. Mgodi wa Kaziwiziwi unatsegulidwa mu 1985, ndi wa Mchenga mu 1987, yonse pansi pa kampani ya Boma ya MIDCOR. Pambuyo pake Mchenga unagulitsidwa kwa amalonda. Nkhondo yomweyo ndiyo inakweza mtengo wa msewu wodzera pa Chiweta, pakuti mafuta ndi katundu wina anayamba kulowera ku Dar es Salaam. Kotero dera limene linaiwalika zaka makumi ambiri linakumbukiridwa pamene dziko lonse linapanikizika.

Anyamata athu anapeza ntchito m'migodimo, ntchito yolemetsa ndi yoopsa, ndipo timisika ta m'mbali mwa msewu tinakula. Koma chiphaso cha mgodi chiperekedwa ku Lilongwe, ndipo msonkho wa malasha ulowa m'thumba la Boma lalikulu. Msewu wa phula nawonso unamangidwa ndi ngongole ndi thandizo la maiko akunja. Ngakhale ntchito yokonzanso chigawo cha Kacheche mpaka Chiweta, imene inakhazikitsidwa mu 2022, inadalira ndalama za ku Ulaya. Chotsalira khonsolo ndi misewu ya dothi, monga ija yolowera kummwera ku Mlowe, ndi midzi ya ku Tcharo imene kwa mibadwo anthu ake akhala akuifika pa bwato kapena pansi. Mayi wogulitsa usipa pamsika alipira chiphaso cha khonsolo, pamene lole ya malasha ingodutsa, nimsiyira fumbi.

Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano la maboma aang'ono, ndi cholinga chobwezera mphamvu ku anthu. Pa pepala ndi lamulo labwino: midzi ikhala ndi makomiti ake a chitukuko, mfundo zawo zikwera kudera, nizifika ku khonsolo. Makhansala anasankhidwa mu November 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda khansala ngakhale mmodzi kufikira May 2014, zaka zisanu ndi zinayi zathunthu. M'kati mwa zaka zomwezo, mu 2006, linayamba thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, ndipo mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu aziponya voti m'khonsolo, ndi kuti D.C. azisankhidwa ndi Nduna. Chimene dzanja lamanja linapereka, lamanzere linali kulandanso.

Lamulo la migodi la 2019 linabweretsa chinthu chatsopano, chakuti mwini mgodi waukulu apangane ndi midzi yomzungulira za chitukuko chake. Mawu ofunika kuwagwira ndi akuti "waukulu", pakuti m'lamulo limenelo mgodi wowerengedwa wapakati kapena waung'ono sunali kumangidwa ndi mfundo imeneyi. Choncho mamembala athu a kunyanja afunse ku khonsolo mtundu wa chiphaso cha mgodi uliwonse woyandikana nawo. Afunsenso za akasupe aja. Madzi a pa Chiweta ali m'gulu la otentha koposa m'Malawi, ndipo akatswiri anafika kale kudzayesa ngati nthunzi ya pansi pake ingapange magetsi. Nthaka ya pa akasupewo ili ndi eni ake, ndipo maina awo ayenera kukhala atalembedwa kwa mafumu ndi ku khonsolo asanafike munthu wonyamula chiphaso cha ku Lilongwe.