Zaka za Chilala ndi Moto pa Mpingo Wathu, 1975 mpaka 2025

Maina a abusa amene anatumikira pano ndi mbiri ya nyumba yathu yopemphereramo mwaziwerenga kale pa masamba ena a kabuku kano. Pano tikufuna kulemba za mvula. Pafupifupi tonse mu mpingo uno timadya za khasu, ndipo mabuku a mpingo amachitira umboni: chaka chimene chimanga chapsa ndi dzuwa, chopereka cha masika chimatsika, maukwati amachepa, maliro a ana aang'ono amachuluka.

Pamene makolo athu anayamba kusonkhana pano mu 1975, tchalitchi chinali cha mitengo ndi dothi, denga la udzu. Chimene ankachiopa kwambiri chinali moto wa lupsa. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu umakhala utauma gwa, mphepo ikuomba, ndiye anyamata osaka mbewa akayatsa tchire moto umathamanga kuposa munthu. Choncho chaka chilichonse, kukolola kukangotha, akulu a mpingo ankaitana anthu kudzalambula kuzungulira tchalitchi ndi nyumba ya mbusa. Okalamba ankadziwanso kuti kutentha tchire mu Meyi kapena Juni, udzu udakali ndi chinyezi, kumasiyana ndi kutentha mu Okutobala. Moto woyambawo umayenda pansi n'kuzima usiku ndi mame. Wa mu Okutobala umapha timitengo tating'ono, umatha udzu wofolera ndi msipu wa ng'ombe, ndipo ukafika pa mudzi umayambira pa nkhokwe.

M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatibweretsera abale othawa kwawo, Achewa anzathu, ena a iwo achibale enieni. Tinagawana nawo minda ndi nsima mpaka ambiri anasamutsidwira ku Ukwimi, m'boma la Petauke. Pamenepo tinaphunzira kuphika m'miphika ikuluikulu, osadziwa kuti luso limenelo tidzalifuna posachedwa.

Chilala cha 1992 n'chimene agogo athu amayezera zilala zonse. Mvula inayamba kumapeto kwa 1991, anthu anabzala, chimanga chinamera bwino. Kenaka mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene chimanga chimamasula ngayaye ndipo chimafuna madzi koposa, kumwamba kunangoti mbee. Chinagwa pa nthawi yoipa. Boma la a Frederick Chiluba linali litangolowa kumene mu Novembala 1991, NAMBOARD imene inkagula chimanga inali itathetsedwa kale, ndipo mitengo ya ufa ndi fataleza inali kukwera. Mayiko onse a kum'mwera kwa Africa anauma pamodzi, kotero panalibe mnansi woti n'kumupempha. Chimanga chinachokera kutsidya la nyanja, chambiri ku America, ndipo chinali chachikasu. Ambiri poyamba ankachinyoza kuti n'chakudya cha ziweto, koma pofika Disembala palibe anafunsanso za mtundu wake. Anthu ankakonza misewu n'kulipidwa chakudya. Amayi a Chigwirizano ndiwo ananyamula mtolo waukulu: ankadziwa khomo lililonse la mayi wamasiye ndi la nkhalamba yosatha kuyenda kukalembetsa, ndipo ankapatula pa mbale zawo zomwe. Sitinalembe maina awo m'mabuku, koma ana amene anapulumuka ndi phala lawo lero ndi akulu a mpingo.

Njala ya 2002 inabwera mwa njira ina. Nyengo ina mvula inachuluka n'kukokolola minda, yotsatira inadukiza. Ku Malawi kunali koopsa kuposa kuno, ndipo popeza nthawi imeneyo Vubwi inali idakali mbali ya boma la Chadiza, ofuna ganyu ankangodumpha malire n'kulima tsiku lonse kuti apeze gaga. Chaka chomwecho a Levy Mwanawasa anakana chimanga chothandizira cha mtundu wa GMO. Mkangano wake unafika mpaka pa bwalo la tchalitchi chino, ena akuti boma latiteteza, ena akuti wanjala sasankha. Mu 2002 momwemo munayambanso ndondomeko ya fataleza wotsika mtengo, imene lero timaitcha FISP. Yathandiza ambiri, komabe tinene zoona: yatizoloweretsa chimanga chokha. Mapira, mawere, chinangwa ndi khobwe, zimene agogo ankabzala podziwa kuti mvula ilibe pangano ndi munthu, zinayamba kusowa m'minda yathu.

Za 2024 tonse tinaziona ndi maso. Chaka chinayamba ndi kolera, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale. Ndiye mvula inaima kwa masabata angapo chimanga chili pa msinkhu womwe uja wa mu 1992, ndipo dzuwa linatentha ngati la mu Okutobala. Akatswiri a zanyengo amati gwero lake ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula ya kuno. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga anaonongeka. Dziko lonse linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni, osafika theka la chaka chapitacho. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, zigayo zamagetsi zinaima, ndipo ngakhale wokhala ndi chitini cha chimanga ankasowa pogayitsa. Zitsime za m'madimba zinaphwa msanga. Amuna ambiri analowa m'thengo kukaotcha makala. Sitingawadzudzule kwambiri, ana anali ndi njala, koma mitengo imene inagwa chaka chimenecho sidzabwerera m'masiku athu.

Chinthu chimodzi chinaoneka poyera m'minda ya akhristu athu. Amene analima gamphani, kukumba maenje chilimwe n'kusiya mapesi pansi osawatentha, chimanga chawo chinapirira masiku ochulukirapo, ndipo ena anatolako kanthu. Amene anali ndi kachigawo ka chinangwa kapena mbatata ku dimba sanagulitse mbuzi zonse. Apa m'pamene nkhani ya moto imakumana ndi ya chilala, chifukwa mapesi amene mlimi wasunga kuti aphimbe nthaka, mwana mmodzi wofuna mbewa amawamaliza ndi kamtengo kamodzi ka machesi. Mafumu athu, a Mlolo, a Zingalume ndi a Mwangala, ali ndi mphamvu pa nkhaniyi, koma ana oyatsawo amagona m'nyumba zathu ndipo ena amaimba mu kwaya.

Mu 2025 mvula inabwera bwino ndipo dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni. Nkhokwe zadzaza, ndipo m'pamene kuiwala kumayambira. N'chifukwa chake bwalo la akulu lagwirizana kuti pa chaka cha chisangalalo chino chopereka cha masika chisagulitsidwe chonse monga tinkachitira. Gawo lina lidzasungidwa m'matumba, lothiridwa mankhwala a anankafumbwe, mpaka Febuluwale atadutsa, ndipo makiyi adzakhala ndi atumiki pamodzi ndi amayi a Chigwirizano. Kulambula kuzungulira tchalitchi, manda ndi mitengo imene achinyamata abzala kudzachitika Loweruka loyamba la Juni. Aliyense abwere ndi khasu lake.