Soya ndi khansa ya m'mawere: zimene kafukufuku wapeza

Soya ndi mbewu ya m'gulu la nyemba imene inayamba kulimidwa ku China zaka zikwi zingapo zapitazo. Ku Malawi amalimidwa kwambiri m'maboma monga Lilongwe, Mchinji, Kasungu, Dedza ndi Mzimba, ndipo amafika m'makomo kudzera mu Likuni Phala, mafuta ophikira ndi ndiwo za m'mapaketi zotchedwa soya pieces. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a njere ya soya ndi mapuloteni, n'chifukwa chake mabanja amene sangakwanitse kugula nyama kawirikawiri amamudalira.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 pakhala mantha akuti soya amayambitsa khansa ya m'mawere, kapena amaidzutsanso mwa mayi amene anachira. Umboni wochokera kwa anthu sukugwirizana ndi manthawa. Kudya soya monga chakudya sikuwonjezera chiopsezo cha matendawa, ndipo kafukufuku wina akusonyeza kuti mwina kumachichepetsa pang'ono.

Kumene mantha anachokera

Mu soya muli timichere totchedwa isoflavones, ndipo todziwika kwambiri ndi genistein ndi daidzein. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka estrogen, homoni ya m'thupi la mkazi imene imayendetsa msambo ndi kukula kwa mawere. Zotupa zambiri za khansa ya m'mawere zimakula mothandizidwa ndi estrogen, ndipo mankhwala monga tamoxifen amagwira ntchito poitsekera njira. Choncho sizinali zopusa kuti madokotala adzifunse ngati chakudya chokhala ndi chinthu chofanana ndi estrogen chili chabwino kwa odwala awo.

Panalinso zitsanzo za nyama. M'zaka za m'ma 1940, nkhosa za kumadzulo kwa Australia zinayamba kulephera kubereka chifukwa chodya kwambiri mtundu wina wa zomera zotchedwa clover, zimene zili ndi timichere ta m'gulu lomweli. Kenako mu 1998 ofufuza a ku America analengeza kuti genistein anakulitsa maselo a khansa ya m'mawere ya munthu amene anaikidwa m'thupi la mbewa za mu labotale. Nkhaniyi inafalikira kwambiri, ndipo mbali yaikulu ya mantha a lero inamera pamenepa.

Koma mbewazo zinali zitachotsedwa ziwalo zopanga mazira, ndipo chitetezo cha m'thupi mwawo chinali chofooka mwadala. Zinadziwikanso kuti thupi la mbewa siligaya isoflavones mmene thupi la munthu limachitira, moti timichereti timatsala tamphamvu m'magazi ake pa mlingo umene munthu wodya chakudya wamba safikapo. Komanso kufanana ndi estrogen sikutanthauza kukhala estrogen. M'maselo muli malo a mitundu iwiri olandirira homoniyi, otchedwa alpha ndi beta. Malo a alpha ndi amene amalimbikitsa maselo a bere kuchulukana, pamene isoflavones amakonda kumamatira pa beta, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya estrogen weniweni.

Zimene zinapezeka mwa amayi

Ku Japan akuluakulu ambiri amadya mamiligalamu 25 mpaka 50 a isoflavones patsiku, pamene ku America ndi ku Ulaya ambiri safika ndi 3 omwe. Soya akanakhala woyambitsa matendawa, amayi a ku Asia akanavutika koposa, koma kwa nthawi yaitali khansa ya m'mawere yakhala yocheperapo kumeneko. Mu 1991 kafukufuku wa ku Singapore anapeza kuti amayi osasiya kusamba amene ankadya soya wambiri ankadwala matendawa mocheperapo. Mu 2008 akatswiri anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, n'kupeza kuti amayi a ku Asia odya mamiligalamu 20 kapena kuposerapo patsiku anali ndi chiopsezo chotsika ndi 29 peresenti poyerekeza ndi odya 5 kapena kucheperapo. Kwa amayi a m'mayiko a azungu sikunaoneke kusiyana kulikonse, mwina chifukwa ngakhale odya kwambiri kumeneko amangolawa.

Si kafukufuku yense amene anapeza phindu. Wina wamkulu wa ku China, wofalitsidwa mu 2020, anatsatira amayi oposa 300,000 ndipo sanaone kusiyana pakati pa odya soya pafupipafupi ndi odya mwa apo ndi apo. Chofunika n'chakuti sanapezenso kuti soya amawonjezera matendawa. Pali zizindikiro zakuti chitetezo, pamene chilipo, chimaoneka kwambiri mwa amayi amene anayamba kudya soya ali ana kapena atsikana, nthawi imene mawere amakhala akukula.

Funso lovuta kwambiri ndi la amayi amene anapezeka kale ndi khansa. Ku Shanghai, gulu lotsogozedwa ndi Xiao-Ou Shu linatsatira amayi otere 5,042 kwa zaka pafupifupi zinayi. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2009, zinasonyeza kuti mwa odya soya wambiri imfa zinali zochepa ndi 29 peresenti, ndipo kubwereranso kwa matenda kunali kochepa ndi 32 peresenti. Zinali choncho ngakhale kwa amene zotupa zawo zimadalira estrogen ndi amene ankamwa tamoxifen. Phindulo silinkakweranso munthu akapitirira magalamu 11 a mapuloteni a soya patsiku. Mu 2012 kuunika kwina kophatikiza amayi 9,514 a ku America ndi ku China kunapeza kuti odya mamiligalamu 10 kapena kuposerapo patsiku matendawa ankawabwerera mocheperapo ndi 25 peresenti. Chaka chomwecho bungwe la American Cancer Society linanena kuti zakudya za soya sizikuoneka kuti zimavulaza amayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere.

Manambalawa ayenera kuwerengedwa mofatsa. Ofufuzawo ankangofunsa amayi zimene amadya n'kumawatsatira, sankawagawira chakudya. Mayi wodya soya wambiri akhoza kukhalanso wodya masamba, wosamwa mowa ndi wolimbitsa thupi. Ndiye zimene zatsimikizika bwino n'zakuti soya savulaza. Zakuti amateteza n'zothekera, koma soya si mankhwala a khansa, ndipo wogulitsa aliyense wonena zimenezo akunama.

Chakudya ndi mapilitsi n'zosiyana

Kafukufuku wonseyu akunena za chakudya, monga soya wophika, ufa wa phala, mkaka wa soya ndi tofu. Soya pieces amapangidwa kuchokera ku ufa wa soya wochotsedwa mafuta, ndipo chodetsa nkhawa mwa iwo kawirikawiri ndi mchere wa m'zokometsera zake. Mafuta ophikira a soya alibe isoflavones wokwanira kumuwerengera. Mapilitsi ndi maufa okhala ndi isoflavones wochuluka, amene amagulitsidwa kwa amayi osiya kusamba, ndi nkhani ina. Madokotala ambiri amalangiza odwala khansa ya m'mawere kuwapewa.

Bungwe la WHO likuti mu 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere padziko lonse, ndipo anthu 670,000 anamwalira nayo. Zimene zimadziwika kuti zimakweza chiopsezo ndi kukula kwa msinkhu, mowa, kunenepa kwambiri mayi atasiya kusamba, kusalimbitsa thupi ndi kukhala ndi mayi kapena mchemwali amene anadwalapo. Kuyamwitsa kumachichepetsa ndi pafupifupi 4 peresenti pa miyezi 12 iliyonse. Ku Malawi, kumene khansa yofala kwambiri mwa amayi ndi ya khomo la chiberekero, odwala khansa ya m'mawere ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale. Chotupa m'bere kapena m'khwapa, ngakhale chosapweteka, nsonga ya bere yolowa mkati kapena yotuluka magazi, ndi khungu la bere looneka ngati khoko la lalanje, zonsezi n'zofunika kuonedwa ndi dokotala mosazengereza. Mayi amene ali pa chithandizo amafunika mapuloteni okwanira kuti thupi lipirire mankhwala, ndipo alibe chifukwa chosiyira phala la soya pokhapokha dokotala wake atamuletsa pa zifukwa zina.