Mapolisakaraidi a m'chambiko

Mapolisakaraidi a m'chambiko ndi timaunyolo ta shuga timene mabakiteriya osasitsa mkaka amatulutsa. Timathandiza kuti chambiko chikhale cholimba ndi chonanda pang'ono. Angoni a ku Mzimba, monga a ku Euthini, amatcha mkaka wosasawu amasi, dzina limene makolo awo anabwera nalo kuchokera kumwera atawoloka Zambezi mu 1835.

Mmene amapangikira

Mabakiteriya monga Lactococcus lactis amadya lactose, shuga wa mumkaka, n'kutulutsa lactic acid. Asidiyu akachuluka mpaka pH kufika pa 4.6, puloteni ya casein imaundana. Mitundu ina ya mabakiteriyawa imalumikizanso tizidutswa ta shuga ngati mikanda pa ulusi, n'kutulutsira unyolowo kunja kwa selo.

Mitundu yake

Pali magulu awiri. Loyamba ndi heteropolysaccharide, lomwe limasakaniza shuga wosiyanasiyana, makamaka glucose, galactose ndi rhamnose. Kachigawo kamodzi, kokhala ndi tizidutswa pakati pa 3 ndi 8, kamabwerezedwa kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri kamakhala ndi nthambi. Gulu limeneli ndi lomwe limapezeka mumkaka wosasa. Kawirikawiri silikwana galamu imodzi pa lita, komabe limasintha kalimbidwe ka mkaka chifukwa limagwira madzi ambiri.

Lachiwiri ndi homopolysaccharide, lokhala ndi mtundu umodzi wa shuga. Chitsanzo ndi dextran wopangidwa ndi Leuconostoc mesenteroides. Iye ndi glucose yekhayekha, ndipo tizidutswa tambiri timagwirana pa kaboni 1 ndi kaboni 6. Dextran amapangidwa kuchokera ku sucrose, shuga wa nzimbe, yemwe mumkaka mulibe. N'chifukwa chake amapezeka kwambiri mu nzimbe zodulidwa zimene zachedwa kufinyidwa, ndipo amavutitsa kuyenga shuga. Louis Pasteur anasonyeza mu 1861 kuti zonanda zoterezi zimachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso.

Kufunika kwake

Unyolo wautali umagwira madzi kuposa waufupi, choncho chambiko chake sichifulumira kulekana ndi madzi. Mabakiteriyawa amatsalira m'chikho chosasitsira, ndipo ndiwo amayambitsa mkaka watsopano umene wathiridwamo.

Kulimba kwa chambiko si umboni woti mulibe matenda. Mkaka wosawiritsa ungathe kufalitsa TB ya ng'ombe ndi brucellosis, choncho uyenera kuwiritsidwa, kuziziritsidwa, kenako n'kuthiramo chambiko chakale pang'ono.