Kinnah Phiri: mphunzitsi amene anabwezera Flames ku Africa Cup

Lolemba, pa 11 Januwale 2010, chimanga chili m'mawondo, ambiri pa msika wa Lizulu anasiya kutsatsa mbatata ndi kabichi n'kuunjirira mawailesi. Ine ndinali pakhonde la golosale ina, pafupi ndi mkulu wina amene anakumbatira kawailesi kake ngati khanda. Ku Luanda, m'dziko la Angola, Flames inali kusewera ndi Algeria, timu imene inali itapata kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Russell Mwafulirwa anamwetsa chigoli choyamba, Elvis Kafoteka n'kuwonjezera ndi mutu, Davi Banda n'kutsendera chachitatu. Mkulu uja anaponya chipewa m'mwamba, amayi nthungululu kuti lilili! Mphunzitsi wa anyamata amenewa anali Kinnah Phiri.

Kinnah anabadwa mu 1954, ndipo dzina lake linayamba kumveka ali womwetsa zigoli wa Bata Bullets. Chifukwa cha changu chake pabwalo, otsatira mpira anamutcha Electric. Flames anaimwetsera zigoli 71, ndipo mpaka lero palibe amene wamupeza. Anali m'gulu limene linatenga chikho cha East and Central Africa Challenge Cup mu 1978 ndi 1979, mphunzitsi ali Ted Powell. Pambuyo pake anapita ku Swaziland, kumene lero ndi Eswatini, kukasewerera Manzini Wanderers.

Atapachika nsapato anayamba kuphunzitsa, ndipo ntchito ya manja ake inaoneka bwino mu 2004. Chaka chimenecho timu yake yakale ija, Maule, amene nthawiyo ankatchedwa Bakili Bullets, anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kufika mu ndime ya m'magulu ya CAF Champions League. Kumeneko anakumana ndi Étoile du Sahel, Africa Sports komanso Enyimba ya ku Nigeria, imene inatenga chikhocho. Kuchoka apo Kinnah anakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa.

Mu 2008, Mngelezi Stephen Constantine atatula pansi udindo, bungwe la FAM linaitana mwana wa m'mudzi. Posakhalitsa Flames inathibula Djibouti 8-1. Patangopita masabata awiri, pa bwalo la Kamuzu panafika Egypt, akatswiri a Africa nthawi imeneyo. Anthu atayamba kuyang'ana kuchipata, Chiukepo Msowoya anamwetsa chigoli m'mphindi zowonjezera, Egypt n'kubwerera kwawo yolira. DR Congo nayo inagwa 2-1, ndipo mu Okutobala 2009 Ivory Coast inapulumuka ndi chigoli cha Didier Drogba, masewero n'kuthera 1-1. Umu ndi momwe Malawi inabwererera ku Africa Cup of Nations, kumene inapondako komaliza mu 1984.

Chimene chinamuthandiza Kinnah n'chakuti osewera ake ankawadziwa kuyambira pansi. Ena, monga kapiteni Peter Mponda, anali nawo ku Bullets. Ankalankhula nawo chinenero chawo, ankadziwa mabwalo a fumbi amene anakuliramo, ndipo iwo ankadziwa kuti amene akuwalangizayo anavalapo yunifolomu yomweyo n'kuichitira zazikulu.

Koma mpando wa mphunzitsi ndi wotentha. Ku Angola, itagonjetsa Algeria, Flames inagonja kwa Angola 2-0 ndi kwa Mali 3-1, ulendo n'kuthera pomwepo. Mu Okutobala 2011 Chad inabweza chigoli kumapeto ku N'Djamena, masewero n'kuthera 2-2, mwayi wa mpikisano wa 2012 n'kupulumuka m'manja. Ghana itatsekanso njira ya ku mpikisano wotsatira, Kinnah anachotsedwa ntchito mu Januwale 2013. Sanagwe ulesi: anakaphunzitsanso ku Mbeya City ku Tanzania ndi Mochudi Centre Chiefs ku Botswana.

Mbiri imeneyi imandikumbutsa aphunzitsi a masewero a m'sukulu zathu kuno ku Ntcheu. Mukadutsa ku Tsangano, ku Bilira kapena kwa Kasinje madzulo, mudzapeza bambo kapena mayi wavula jekete, wezulo pakamwa, akuthamanga ndi ana opanda nsapato pabwalo la zigoli za nsungwi. Mpira ndi umodzi, wosokedwa kangapo. Palibe amawalipira pa ntchitoyi, komabe ndi iwo amene amayamba kuona mwendo wa mwana kuti uwu ndi wa chigoli.

M'mera mpoyamba. A FAM, a khonsolo ya Ntcheu ndi inu amalonda a m'boma lino, apatseni aphunzitsi amenewa maphunziro a ukochi, mipira ndi mipikisano ya chaka ndi chaka. Kinnah Phiri anatisonyeza kale zimene mphunzitsi wa kuno kwathu angachite akapatsidwa mpata.