Kusintha oyilo ndi fyuluta mu motorhome yosayendayenda

Kusintha oyilo ndi fyuluta mu motorhome yosayendayenda ndi mbali ya kasamalidwe ka injini ya galimoto yogonamo anthu imene imangokhala miyezi yambiri pa chaka. Motorhome ndi galimoto yaikulu yomwe mkati mwake muli pogona, pophikira, ndipo nthawi zambiri mumakhalanso bafa ndi chimbudzi. Magalimoto otere ndi ofala ku United States, Canada, mayiko a ku Ulaya, Australia ndi New Zealand, komwe anthu amayenda nawo pa tchuthi n'kuwaimika nyengo yozizira ikafika. Popeza motorhome imatha kumaliza chaka isanakwanitse mtunda wolembedwa m'buku la malangizo, nthawi yosinthira oyilo imawerengedwa ndi kalendala osati makilomita. Langizo lofala ndi lakuti oyilo ndi fyuluta zisinthidwe pamodzi kamodzi pa miyezi 12 iliyonse, ngakhale galimotoyo itayenda pang'ono chabe.

Komwe malangizo amachokera

Makampani omanga ma motorhome, monga Winnebago yomwe ili ndi fakitale ku Forest City m'chigawo cha Iowa, komanso Hymer ya ku Bad Waldsee ku Germany, sapanga okha injini. Iwo amagula chasisi, yomwe ndi tsinde la galimoto pamodzi ndi injini ndi matayala, kenako n'kumangapo nyumba. Ku Ulaya ma motorhome ambiri amamangidwa pa Fiat Ducato, ena pa Mercedes-Benz Sprinter kapena Ford Transit, ndipo pafupifupi onse amayendera dizilo. Ku North America ambiri amamangidwa pa Ford E-450 kapena F-53 zoyendera petulo, pamene akuluakulu amakhala ndi injini ya dizilo ya Cummins kumbuyo, pa chasisi ya Freightliner. N'chifukwa chake buku loyenera kulitsata pa nkhani ya oyilo ndi la amene anapanga injini, osati la amene anamanga nyumbayo.

Mainjini amenewa ndi omwewo a m'magalimoto onyamula katundu amene amagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Makilomita olembedwa m'buku anawerengedwa poganizira ntchito yotero, osati galimoto yotuluka kawiri kapena katatu pa chaka.

Mtunda kapena nthawi

Mabuku a malangizo amapereka malire awiri, a mtunda ndi a nthawi, ndipo oyilo amasinthidwa pa malire amene ayamba kukwana. Kale ku United States anthu ankatsata lamulo la mamailosi 3,000, omwe ndi pafupifupi makilomita 4,800, kapena miyezi itatu. Oyilo ndi mainjini a masiku ano zimapirira kuposa pamenepa. Magalimoto ambiri a Ford a petulo ali ndi kompyuta yowerengera moyo wa oyilo, koma kampaniyi imati pasadutse chaka chimodzi kapena makilomita 16,000. Mabuku ena a Fiat Ducato amalola mpaka makilomita 48,000 kapena zaka ziwiri, komabe amanenanso kuti galimoto yoyenda makilomita osafika 10,000 pa chaka isinthidwe oyilo ndi fyuluta pa miyezi 12 iliyonse.

Mwachitsanzo, motorhome yoyenda makilomita 3,000 pa chaka ingatenge zaka 16 kuti ifike makilomita 48,000. Mwini wake atangoyang'ana mita ya mtunda, injini ingakhale ndi oyilo yemweyo kwa zaka zonsezo.

Zimene zimawononga oyilo

Oyilo watsopano yemwe ali m'botolo losatsegula amakhala zaka zingapo osawonongeka. Koma oyilo amene wagwirapo ntchito mu injini amakhala atasakanikirana kale ndi zinthu zina, ndipo zinthuzi zimapitiriza kumuwononga ngakhale injini itazima.

Choyamba ndi madzi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya madzi ngati nthunzi. Nthunzi yambiri imatulukira ku paipi ya utsi, koma ina imadutsa m'mbali mwa maringi a pisitoni n'kutsikira ku sampu, komwe oyilo amakhala. Injini ikakhala yozizira nthunziyo imasanduka madzi. Galimoto yongoima nayo imakoka chinyezi, chifukwa kukatentha masana n'kuzizira usiku, makoma a mkati mwa injini amagwa mame.

Chachiwiri ndi asidi. Madzi aja akakumana ndi zotsalira za utsi amapanga asidi yemwe amadya maberingi ndi kuyambitsa dzimbiri m'masilinda ndi pa kamushafuti. Mu oyilo amaikamo mankhwala othetsa mphamvu ya asidi, koma mankhwalawa amatha pang'onopang'ono.

Chachitatu ndi mafuta osapsa. Injini ikamalizidwa kozizira imamwa mafuta ambiri, ndipo ena amatsikira mu oyilo n'kumusungunula. Vutoli limakula m'mainjini a dizilo okhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye pa paipi ya utsi. Kuti sefayi idziyeretse, mainjini ambiri amapopera dizilo wowonjezera m'masilinda. Ulendo ukatha kuyeretsako kusanamalizike, injini imayambiranso pa ulendo wotsatira, ndipo dizilo wolowa mu oyilo amachulukirachulukira. Dizilo wa ku Ulaya amaloledwa kukhala ndi biodiesel mpaka 7 peresenti, ndipo biodiesel akalowa mu oyilo sauluka msanga ngati petulo.

Palinso mwaye komanso mpweya wa okosijeni, zimene zimalimbitsa oyilo mpaka kupanga matope akuda otseka tinjira ta oyilo, makamaka topita ku turbo.

Kuliza injini galimoto itaima

Eni ake ena amaliza injini kwa mphindi zisanu kapena khumi sabata iliyonse poganiza kuti akuiteteza. Zimenezi zimatha kuwononga m'malo mothandiza. Madzi a mu rediyeta amatentha msanga kuposa oyilo, choncho singano ya kutentha ikhoza kufika pakati pamene oyilo akadali wofunda chabe. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kuti achoke mu oyilo pamafunika kuti oyiloyo afike cha pamenepo n'kukhalapo kanthawi. Injini yongolira pamalo amodzi siifika msanga pa kutentha kotere, motero imawonjezera madzi ndi mafuta osapsa popanda kuchotsa zomwe zinalimo kale.

Amakaniko amalangiza chimodzi mwa ziwiri. Galimotoyo iyendetsedwe pamsewu waukulu kwa mphindi 30 kapena kuposerapo pafupifupi kamodzi pamwezi, kapena injini isalizidwe n'komwe mpaka nyengo yoyenda itafika, batire ikusamalidwa payokha ndi chaja.

Fyuluta

Fyuluta ya oyilo imasefa tizitsulo, fumbi ndi mwaye. Mkati mwake mumakhala pepala lopindapinda kapena ulusi wopangidwa ku fakitale. Mafyuluta ambiri ali ndi mavavu awiri. Ina imatseguka fyuluta ikatsekeka kapena oyilo akalimba ndi kuzizira, kuti injini isasowe oyilo, ngakhale kuti pa nthawiyo oyiloyo amadutsa osasefedwa. Inayo ndi ya labala, ndipo imaletsa oyilo kubwerera ku sampu injini ikazima.

M'galimoto yosayendayenda fyuluta siidzadza msanga ndi zinyalala, koma imakalamba. Pepala limamwa chinyezi n'kufooka, ndipo labala amauma. Vavu ya labala ikasiya kutseka bwino, injini imalira masekondi angapo oyilo asanafike kumtunda, ndipo nthawi yoyamba kulira ndi imene zitsulo zimakhulana kwambiri. Komanso fyuluta yakale imasunga oyilo wakuda yemwe amasakanikirana ndi watsopano. Popeza mtengo wa fyuluta ndi wochepa poyerekeza ndi wa oyilo, zimasinthidwa limodzi.

Mafyuluta ena ali ndi nthawi yawoyawo. Fyuluta ya dizilo imasunga madzi pansi pake, omwe amafunika kukhetsedwa, ndipo fyuluta ya mpweya imafunika kuiona galimoto ikakhalitsa chifukwa makoswe amakonda kumangamo zisa.

Nyengo yoyenera kusintha

Kumayiko a kumpoto ma motorhome ambiri amaimikidwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Nthawi yabwino yosinthira oyilo ndi galimoto isanaimikidwe, kuti injini idutse miyezi yozizira ili ndi oyilo wopanda asidi ndi madzi. Oyilo wakale amakhetsedwa injini ili yofunda kuti atuluke ndi zinyalala zake. Akathira watsopano, galimoto imayendetsedwa pang'ono kuti oyiloyo afike paliponse. Oyilo wothiridwa motere safunika kusinthidwanso nyengo yoyenda ikayamba. Amangofunika kuyezedwa ngati ali wokwanira.

Ma motorhome amalemera pafupi ndi malire a chasisi yawo nthawi zonse, ndipo ena amakoka ngolo kapena galimoto yaing'ono. Mabuku ambiri amaika kukoka katundu, misewu ya fumbi ndi kulira pamalo amodzi nthawi yaitali m'gulu la ntchito yolemetsa, imene imafupikitsa mtunda wosinthira oyilo. Choncho motorhome yomwe yayenda ulendo umodzi wautali m'mapiri itha kufuna oyilo watsopano chaka chisanathe.

Kusiyana maganizo

Si onse amene amavomereza kuti miyezi 12 ndi malire enieni. Ena amanena kuti motorhome imene ikatuluka imayenda maola ambiri imatenthetsa oyilo mokwanira, ndipo oyilo wa synthetic m'injini yotere angathe kupitirira chaka akadali wabwino. Nkhaniyi imakhudza ndalama, chifukwa injini ya petulo imalowa malita pafupifupi 6 mpaka 8, pamene ya dizilo yaikulu, monga Cummins ya malita 8.9, imalowa oposa 20.

Njira yodziwira zoona ndi kutumiza oyilo pang'ono ku labotale, monga Blackstone Laboratories ya ku Fort Wayne m'chigawo cha Indiana. Kumeneko amayeza madzi, mafuta, tizitsulo, kulimba kwa oyilo ndi nambala yotchedwa TBN, yosonyeza mankhwala othetsa asidi amene atsala. Komabe galimoto yomwe ikadali pa waranti imayenera kutsata buku, chifukwa kampani ikhoza kukana kulipira injini yowonongeka ngati malisiti sakusonyeza kuti oyilo ankasinthidwa pa nthawi yake.

Mtundu wa oyilo

Buku limatchula kulimba kwa oyilo, monga 5W-30 kapena 15W-40, komanso gulu lake. Ku America amatsata magulu a API, monga CK-4 ya dizilo yomwe inayamba mu 2016 ndi SP ya petulo ya mu 2020. Ku Ulaya amatsata magulu a ACEA, ndipo injini yokhala ndi DPF imafuna oyilo wa phulusa lochepa, monga C2 kapena C3. Oyilo wa phulusa lambiri amatseka DPF.

Jenereta

Ma motorhome ambiri a ku North America ali ndi jenereta, yomwe ili ndi injini yakeyake ndipo nthawi yake imawerengedwa ndi maola. Pa majenereta ambiri a petulo a Cummins Onan, oyilo amasinthidwa pa maola 150 kapena kamodzi pa chaka. Kampaniyi imalangizanso kuti jenereta yosagwira ntchito kawirikawiri izilizidwa maola awiri pamwezi, itanyamula pafupifupi theka la mphamvu yake.

Zizindikiro ndi kutaya oyilo wakale

Zizindikiro zoti oyilo asinthidwe msanga ndi monga kununkha mafuta, kukwera yekha pa kandodo koyezera, kapena phala lotuwa pansi pa chivindikiro chothirirapo oyilo. Phala limeneli limachokera ku chinyezi, koma likachuluka madzi a mu rediyeta akuchepa, lingatanthauze kuti gasiketi ya pamutu pa injini yapsa. Kuda kokha si chizindikiro, chifukwa oyilo wa m'injini ya dizilo amada atangoyenda pang'ono.

Oyilo wakale ndi fyuluta yake sizitayidwa pansi kapena m'ngalande, koma zimaperekedwa ku garaja kapena kumalo otolera oyilo wakale. Bungwe la EPA, loona za chilengedwe ku United States, limanena kuti oyilo wochoka pa kusintha kumodzi angathe kuipitsa magaloni 1 miliyoni a madzi abwino.