Kodi siponsa ndi ndani?

Mawu akuti siponsa tinabwereka ku Chingerezi, koma gwero lake ndi Chilatini, kumene ankatanthauza munthu wolonjeza motsimikiza. Choncho siponsa ndi munthu kapena kampani imene yavomera kupereka ndalama kapena zipangizo kuti ntchito ya ena itheke. Masiku ano achinyamata ena akamati siponsa amanena bambo wachikulire wogulira mtsikana foni ndi zovala. Kumeneko n'kuipitsa mawu abwino.

Taganizirani ophunzira a payunivesite amene akukonzekera mpikisano wa sayansi wa iGEM, umene unayambira pa yunivesite ya MIT, ku America. Pamafunika ndalama zolembetsera, mankhwala a mu labotale, matikiti a ndege ndi malo ogona. Kampani imene yalipira zimenezi, dzina lake n'kulembedwa pa malaya a timuyo, ndiye siponsa. Koma koleji imene yawatsegulira labotale, n'kuwapatsa aphunzitsi owalangiza tsiku ndi tsiku, imeneyo ndi mnzawo wogwira naye ntchito, chifukwa thukuta akukhetsera limodzi.

Mukamalemba kalata yothokoza, awiriwa musawaphatikize; aliyense mumutchule malinga ndi zimene wachita.